Mawu a Chingerezi amene amamveka pulojekiti ikayamba kuvuta

Zikomo nonse pobwera. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino. Ambiri mwa ife timakhala nawo pa misonkhano ya makampani kapena ya mabungwe otithandiza ndi ndalama, n'kumangogwedeza mutu pamene anthu akugamula za ntchito yathu m'mawu oti sitikuwamvetsa. Lero ndikufuna kuti mukamachoka pano, mawu amenewa asakhalenso achilendo, makamaka aja amatuluka pulojekiti ikamakanika.

Ndiyambe ndi sunk cost, ndipo pamenepa ndikhalitsapo. Mawuwa amanena za ndalama, nthawi ndi mphamvu zimene mwalowetsa kale pa ntchito, zoti sizibwereranso kaya mupitirize kaya musiye. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Koma mtima wa munthu suvomera msanga. Mudzamva wina pa msonkhano akuti, "Ndalama zonse tathira muja, tisiye lero?" Kaganizidwe kameneka amakatchula kuti sunk cost fallacy, ndiko kupitiriza ntchito chifukwa chomvera chisoni zimene zapita kale, m'malo moyang'ana zimene ntchitoyo ingabweretse kutsogolo.

Musaganize kuti ndi matenda a anthu osaphunzira. Mu 1962 boma la Britain ndi la France anagwirizana zopanga ndege ya Concorde, yothamanga kuposa mmene phokoso limayendera mumlengalenga. Ndalama zinalowa zambiri kuposa zimene anakonza poyamba. Ndegeyi inauluka koyamba mu 1969, n'kuyamba kunyamula anthu mu 1976, koma pofika nthawiyo makampani a ndege a m'maiko ena amene anaonetsa chidwi anali atabwerera m'mbuyo. Zinapangidwa 20 zokha, ndipo zimene zinagwira ntchito yonyamula anthu zinali 14, za British Airways ndi Air France basi. Zinasiya kuuluka mu 2003. Mpaka lero ena akafuna kunena za vutoli amangoti Concorde fallacy.

Palinso kafukufuku wa mu 1985 wa Hal Arkes ndi Catherine Blumer. Anthu ogula matikiti oonera zisudzo kwa nyengo yonse, ena anawagulitsa pa mtengo wonse, ena anawachotserako mwamwayi chabe. Amene analipira mtengo wonse ndi amene anapita kukaonera kwambiri m'miyezi yoyambirira. Zisudzo zinali zomwezo, chosiyana chinali kupweteka kwa m'thumba.

Ndiye wina akadzati we are throwing good money after bad, akutanthauza kuti tikutaya ndalama zabwinobwino pofuna kulondola zimene zinatayika kale. Akati let us cut our losses, ndiye kuti tivomere kuluza pang'ono lero tisanaluze zambiri mawa. Munthu wolankhula chonchi musamuone ngati wofooka kapena wosafunira ntchito zabwino. Nthawi zambiri ndi yekhayo amene wawerengera bwino.

Kuwerengerako kuli ndi mawu akenso. Burn rate ndi ndalama zimene pulojekiti ikudya pa mwezi. Runway ndi nthawi imene yatsala ndalamazo zisanathe. Tengani ndalama zotsala, mugawe ndi burn rate. Mukapeza 4, mwatsala ndi miyezi 4. Tsono ngati akukuuzani kuti break even, nthawi imene zolowa zidzafanane ndi zotuluka, ifika pakatha miyezi 12, simufunikanso katswiri kuti akuuzeni kuti pali vuto. Onjezanipo opportunity cost, phindu limene mukulisiya kwina chifukwa anthu anu ndi ndalama zanu zamangika pa ntchito imodziyi. Zimenezi sizioneka m'mabuku a ndalama, n'chifukwa chake timaziiwala.

Tsopano mawu othetsera nkhani. Apa tcherani khutu, chifukwa safanana. Pull the plug, kuzula pulagi ya magetsi, ndi kutseka kotheratu. Write off ndi kulemba m'mabuku kuti ndalama kapena katundu uja tamutaya, sitikumuwerengeranso. Pivot ndi kusintha njira koma osataya zonse. Kampani ina yotchedwa Tiny Speck inkapanga masewera a pa intaneti otchedwa Glitch. Masewerawo sanayende, ndipo anawatseka mu 2012. Koma antchito ake anali atadzipangira kapulogalamu kolemberana mauthenga pa ntchito. Anakakonza bwino, ndipo ndi kamene kanadzakhala Slack, pulogalamu yolemberana mauthenga imene makampani ambiri amagwiritsa ntchito. Dziwani kuti masewerawo anawatsekadi. Masiku ano pivot ambiri amangoitchula pofuna kupaka utoto watsopano pa chinthu chakufa kale.

Amene ine ndimawakayikira kwambiri ndi on hold, pamodzi ndi mnzake shelve, kuika pa shelefu. Amamveka bwino, palibe amene wachita manyazi, aliyense akutuluka mu msonkhano akumwetulira. Koma lendi ikulipidwabe, wina akulembabe malipoti, ndipo palibe walimba mtima kunena kuti zatha. Akakuuzani kuti pulojekiti ili on hold, funsani mwaulemu: mpaka liti, ndipo chichitike n'chiyani kuti tiyambirenso? Akasowa yankho, dziwani kuti angoopa kutchula maliro.

Mayi mwakweza dzanja apo. Mukuti tidziwa bwanji nthawi yosiya, poti ntchito iliyonse imavuta poyamba? Mwafunsa bwino mayi, ndipo n'zoona kuti si vuto lililonse loyenera kuthawa. Yankho lili m'mawu akuti kill criteria. Izi ndi mfundo zimene mumagwirizana ndi kulemba ntchito isanayambe, mitu ikadali yozizira: tikafika mwezi wakuti tisanapeze makasitomala ochuluka mwakuti, kapena tikadutsa bajeti ndi mlingo wakuti, tiima. Tsiku lokhala pansi kuunika mfundozo amalitchula kuti go/no-go meeting. Ndipo pa tsikulo ndi bwino kuti pakhale munthu amene sanayambitse nawo ntchitoyo, chifukwa mwini ganizo amakhala akuteteza dzina lake. Ngati ntchito yanu inayamba kale popanda mfundo zotere, zilembeni sabata ino, muikepo deti, aliyense asayine. Bambo kumbuyoko, inunso munali ndi funso?