Ngongole ya boma si mphatso, komanso sagula kwa dobadoba

Amayi ndi abambo, zikomo pobwera ngakhale kukuzizira chonchi. Zomwe zachitika ku Chibavi sabata yatha mwazimva. Munthu wa taye, chikwama m'manja, watolera ndalama kwa amayi angapo, ati awathamangitsire mafomu a ngongole ya chigayo. Lero foni yake siikupezeka. Ndinene poyera: ngongole ya boma sagula kwa dobadoba. Pitani nokha ku ofesi ya bungwe la boma lobwereketsa ndalamazi, ndi miyendo yanu.

Komanso si mphatso. Ena mumati, "Ndi za boma izi, tidye." Ayi. Bungwe lija linayamba ngati MARDEF, kenako MEDF, mu 2020 nkukhala NEEF, koma kubweza kunali komweko. Mukapanda kubweza, dzina lanu limalembedwa m'mbiri ya angongole, ndipo mabanki ena akhoza kudzakukanizani.

Mlamu wanga ku Mchengautuwa anatenga ngongole ya makina owotcherera zitsulo. Anati ayambe wagula sofa, makina mwezi wamawa. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa makina nkuthawa. Mpaka lero akubweza ngongole ya makina amene sanawagwirepo. Zimandiwawa. Si mphatso, abale anga.

Ee, amayi kumbuyoko? Mukuti nanga opanda chikole? Mwafunsa bwino, khalani pansi ndikuyankheni. Malo aja munagula ku Masasa, umboni wake nkapepala kong'amba m'kope kosainira amfumu, obwereketsa ndalama zomangira shopu sakalandira. Amafuna chikalata cha malo, lisi yolembetsedwa ku unduna wa za malo, m'dzina lanu, osati la malume amene anamwalira. Yambani kuilondola panopa, imatenga nthawi. Koma ngongole zing'onozing'ono zimapita m'magulu, mumaimirana nokhanokha ngati kubanki nkhonde. Pamenepo samalani amene mukulowa naye. Mnzanu akathawira ku Karonga, mubweza ndinu. Musalembe munthu chifukwa choti mumaimba naye kwaya.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana mitambo, ndifulumire. Lembetsani bizinesi, tengani TPIN (nambala yolipirira msonkho) ku MRA, pezani kotesheni (pepala la mtengo) ya makina, chiwongoladzanja akulembereni papepala musanasaine. A chigayo, yambani mwafunsa ku ESCOM ngati pamalopo pali magetsi a three phase, aja oyendetsa makina akuluakulu. Dobadoba musampatse ngakhale kobiri.

Amene munapereka ndalama kwa munthu uja, musachite manyazi. Tsalani pang'ono, tipangane zopita limodzi kupolisi mawa m'mawa.