Mmene Mwana Wosaona Angapezere Mabuku a Braille Kudzera ku Sukulu

Omvera athu, makamaka inu makolo ndi aphunzitsi amene mukusamalira mwana wosaona, lero tikambirane mmene mwanayo angapezere mabuku a m'kalasi olembedwa m'zilembo za Braille. Chofunika kwambiri pa nkhaniyi ndi nthawi. Buku la Braille limachita kukonzedwa, ndipo ntchitoyo imatha kutenga milungu ingapo kapena miyezi, choncho pempho lanu lipite chaka cha maphunziro chisanathe, kuti mwana akamalowa kalasi yotsatira apeze mabuku ake afika kale.

Yambani ndi kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu, pamodzi ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera ngati sukuluyo ili naye. Apempheni mndandanda wa mabuku onse amene kalasiyo idzagwiritse ntchito, ndipo pa buku lililonse mulembe dzina lake, wolemba, kampani yosindikiza, chaka chimene linatuluka komanso ISBN, imene ndi nambala yapadera yozindikiritsa bukulo. Apa musafulumire, chifukwa buku limodzi limasindikizidwa kangapo ndi kusintha, ndipo mphunzitsi akanena kuti tsegulani tsamba 40, mwana amene wapatsidwa buku lakale amapeza nkhani ina pomwe anzake ayamba kale kuwerenga.

Nenaninso momveka bwino mtundu wa Braille imene mwanayo amawerenga. Zilembo zimenezi, zimene Louis Braille anazitulutsa m'buku mu 1829, zimapangidwa ndi timadontho totukuka tosapitirira 6, ndipo timadonthoti timapereka zizindikiro 63 zokha. Pali Braille yolemba liwu lililonse mokwanira, imene oyamba kumene amaphunzira, ndipo palinso yofupikitsa mawu, imene imatchedwa giredi 2. Masamu ndi sayansi zili ndi kalembedwe kakekake: ena amagwiritsa ntchito kalembedwe kotchedwa Nemeth, ena kotchedwa Unified English Braille. Mphunzitsi amene anaphunzitsa mwanayo kuwerenga ndiye angakuuzeni zoyenera kulemba.

Zonsezi zilembedwe m'kalata yokhala ndi tsiku, ndipo inu musunge kope lake. Phatikizaniponso chikalata cha dokotala wa maso, popeza mabungwe ambiri amafuna umboni umenewu asanapereke buku. Sukulu ndiyo itumize pempholo ku ofesi ya zamaphunziro, kumalo okonzera zipangizo za ana osaona, kapena ku laibulale ya anthu osaona, ndipo mupemphe kuti akuuzeni munthu amene azilondola pempholo.

Funso loyamba limene sukulu iyenera kufunsa ndi lakuti, kodi bukuli linalembedwapo kale mu Braille kwinakwake? Pangano la Marrakesh la mu 2013 limalola mabungwe ovomerezeka a m'mayiko amene analowa m'panganoli kukonza mabuku a anthu osaona popanda kupempha chilolezo kwa mwini buku, komanso kutumizirana mabukuwo pakati pa mayiko. Ngati bukulo kulibe, sukulu ipemphe kampani yosindikiza kuti ipereke fayilo yake ya pakompyuta, chifukwa fayilo yoteroyo imasinthidwa kukhala Braille mofulumira kusiyana ndi kutaipa buku lonse kuyambira pachiyambi.

Ine ndimalimbikitsa kwambiri kuti musadikire buku lathunthu. Tsamba limodzi la buku wamba limadzaza masamba awiri kapena atatu a Braille, motero buku limatuluka m'zigawo zambiri. Aphunzitsi anene mitu imene adzayambire, ndipo okonza mabuku atumize zigawozo motsatira dongosolo limenelo. Mapu, zithunzi ndi magirafu zimafunika kukonzedwa ndi mizere yotukuka yoti mwana azikhudza, ndipo zimenezi ndi zimene zimachedwa kwambiri, choncho zitchulidwe koyambirira. Podikirapo, mphunzitsi akhoza kulemba mfundo za phunziro la tsikulo pa makina otaipira Braille otchedwa Perkins. Mawu ojambulidwa amathandiza ndithu, koma mwana amene amangomvetsera sadziwa mmene mawu amalembedwera.

Chigawo choyamba chikafika, khalani pansi ndi mwanayo awerenge masamba angapo, ndipo ngati pali zolakwika kapena timadontho tosamveka bwino m'zala, dziwitsani sukulu msanga zigawo zina zisanasindikizidwe. Mabukuwa asungidwe choimika pamalo ouma, chifukwa chinyezi ndi katundu wolemera zimaphwanya timadontho, ndipo chaka chikatha abwezedwe ku sukulu ali athunthu kuti mwana wina adzawagwiritse ntchito.