Mawu a M'mawa: Maluwa Ofulumira

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kwacha, Mulungu watisunga. Tisanagwire khasu kapena kuthamangira minibasi, tiyeni tiyambe takhala pansi pang'ono. Mawu athu lero ali pa 1 Samueli 24, koma tisanalowe m'phanga lija limodzi ndi Davide, tidzere kaye ku America, m'chaka cha 2012.

Kumpoto kwa dziko limenelo kuli dera lotchedwa Michigan, lozunguliridwa ndi nyanja zikuluzikulu. Ndi kozizira koopsa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi nthaka imakhala itakutidwa ndi chipale chofewa, misewu amachita kuipala ndi magalimoto, ndipo mitengo imangoti njo, yopanda ndi tsamba limodzi lomwe, ngati youma. Koma kozizira komweko ndiye kwa alimi a zipatso. Matcheri owawasa (tizipatso tating'ono tofiira) olimidwa ku America, pafupifupi atatu mwa anayi alionse amachokera ku Michigan, makamaka cha ku tauni ya Traverse City, kumene mwezi wa Julayi amachita chikondwerero cha matcheri chaka ndi chaka. Maapozi nawonso amalimako kwambiri.

Chaka chimenecho chipale chinagwa chochepa, ndipo chochepacho chinasungunuka msanga. Pakati pa mwezi wa Malichi kunabwera kutentha kumene ngakhale nkhalamba za kumeneko zinali zisanakuonepo pa nthawi ngati imeneyo. Mumzinda wa Chicago, kufupi ndi Michigan, kumene masana a Malichi amangofika madigiri 8 kapena cha pomwepo, kunatentha kufika madigiri 27 ndi kupitirira kwa masiku 8 m'mwezi umodzi womwewo. M'katauni ka Pellston ku Michigan, kodziwika ndi kuzizira, pa 21 Malichi kunafika madigiri 29. Anthu anavula majasi, anatuluka ndi ana kukakhala padzuwa, ena mpaka kukacheza kugombe. Ndani akanawadzudzula? Munthu amene watha miyezi itatu akunjenjemera akaona dzuwa amati Mulungu wamukumbukira.

Amene sanasangalale ndi alimi a zipatso. Iwo ankayang'ana nthambi, mitima ili m'mwamba.

Mtengo wa apozi kapena wa tcheri umagona m'nyengo yozizira. Tulo timeneto ndi tofunika: umayenera kulandira kuzizira kwa maola mazanamazana kuti udzabereke bwino. Mphukira zake zikakhala zotseka, zili m'tulo, zimapirira chisanu choopsa, ngakhale cha madigiri 20 pansi pa ziro, osavulala. Koma mphukira yomweyo ikangofufuma n'kumasula duwa, mphamvu ija imatha. Madigiri awiri okha pansi pa ziro amayamba kupha maluwa, akafika anayi amapha pafupifupi onse. Ndipo mtengo ukadzuka wadzuka, sungabwererenso kukagona.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Minda ya zipatso ya ku Michigan ili m'mbali mwa nyanja pa chifukwa. Madzi a nyanja amachedwa kutentha. Ndiye dzuwa likayamba kubwerera, mphepo yozizira yochokera kunyanja imawomba m'mindamo, mitengo n'kumachedwa kudzuka. Pomwe maluwa azimasula, cha m'mwezi wa Meyi kumpotoko, masiku a chisanu choopsa amakhala atadutsa. Mphepo yomwe mlimi amaidandaula m'mawa akamapita kumunda, yolowa mpaka m'mafupa, ndi yomwe imamusungira zokolola. Kuchedwako ndiye chitetezo chake.

Mu 2012 kutentha kunaposa mphepo ya kunyanja. Mitengo inadzuka kutatsala mwezi wathunthu kapena kuposerapo kuti nthawi yake ikwane. Kenako, kumapeto kwa Malichi ndi m'mwezi wa Epulo, kuzizira kunabwerera. Sikunali kuzizira kwachilendo ayi, kunali kwa nthawi zonse, kumene mitengo ikanakupirira bwinobwino ikanakhala ili m'tulo. Usiku wachisanu unkatsatana ndi unzake. Alimi anayesetsa: ena ankasonkha moto pakati pa mizere ya mitengo, ena ankayatsa makina okupiza mphepo, ena mpaka kubwereka ndege za helikopita kuti zizikankhira pansi mpweya wofundirapo wa m'mwamba. M'mawa mlimi amathyola duwa n'kuling'amba ndi chikhadabo. Kunja likadali loyera, lokongola. M'kati, pamene pamayenera kukhala pobiriwira, pomwe chipatso chimayambira, pada bii. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chaka chimenecho matcheri owawasa ndi maapozi a ku Michigan anawonongeka pafupifupi 9 pa 10 alionse. Mafakitale anasowa chopanga, aganyu othyola zipatso anasowa ntchito. Ndipo miyezi yotsatira chilala chinagwira dera loposa theka la America, chimanga chomwe anabzala molawirira ndi chiyembekezo chachikulu chinafota m'minda.

Ife alimi a kuno sitifunika kuuzidwa zambiri. Timaidziwa mvula ya chizimalupsa. Imagwa mu Okutobala, fumbi n'kununkhira, mtima n'kumati tenga mbewu. Wobzala nayo amaona chimanga chitamera bwino, kenako dzuwa limabwerera n'kuchiwamba chonse, ndipo mbewu ya mtengo wokwera ija yapita. Mvulayo inali yeniyeni, inanyowetsadi nthaka. Kungoti nyengo inali isanakwane.

Tsopano tilowe m'phanga. Davide anadzozedwa ndi Samueli akadali mnyamata woweta nkhosa. Lonjezo linali loona, lochokera kwa Mulungu mwini. Koma m'malo mwa mpando wachifumu analandira zaka zothawathawa, kugona m'mapanga, kupempha chakudya, kusiyana ndi mkazi wake ndiponso bwenzi lake Yonatani. Sauli anatenga asilikali osankhika 3,000 kukamusaka ku chipululu cha Engedi. Ndiye tsiku lina Sauli analowa yekha m'phanga kukadzithandiza, osadziwa kuti Davide ndi anyamata ake abisala m'kati mwenimweni mwa phanga lomwelo.

Taganizani mmene munalili mumdimamo. Mdani uja ali apa, wafulatira, alibe womulondera. Anyamata a Davide akunong'ona kuti, lero ndi tsiku lija Yehova ananena. Taonani, sanamuuze kuti achite choipa. Anamuuza za Mulungu, anamukumbutsa lonjezo. Chilichonse chinkaoneka ngati yankho la pemphero. Davide ananyamuka mwakachetechete, n'kungodula kansonga ka mkanjo wa Sauli, ndipo ngakhale kansongako mtima wake unamutsutsa nako. Anabwerera n'kuletsa anthu ake, nati sangatambasule dzanja pa wodzozedwa wa Yehova. Pa mutu 26 mwayi womwewo unabweranso, Sauli ali m'tulo, mkondo uli chozikidwa kumutu kwake, Abisai, mmodzi wa anyamata a Davide, akupempha kuti amubaye kamodzi kokha. Davide anakananso.

Kodi anataya chiyani pokana? Anabwerera kuchipululu. Anakhalanso wothawa, mpaka kukakhala pakati pa Afilisti. Ufumu anaulandira ali ndi zaka 30, ndipo ngakhale pamenepo anayamba ndi Yuda yekha ku Hebroni kwa zaka 7 ndi miyezi 6 asanalamulire Israeli yense. Koma ndikhulupirira kuti akanapha Sauli m'phanga muja, akanalowa ufumu wosalimba. Fuko la Benjamini, kwawo kwa Sauli, likanamuona ngati wakupha mfumu, ndipo anyamata ake omwe akanaphunzira kuti mpando umatengedwa ndi mpeni mumdima. Chisanu choyamba chikanamupeza atamasula kale.

Abale anga, yesero limene limatigwetsa ambirife silibwera pa tsiku lowawa. Pa tsiku lowawa timagwada, timasala kudya, timapempha anzathu kuti atipempherere. Limabwera pa tsiku lofunda, pambuyo pa kudikira kwanthawi yaitali, mtima utatopa. Mwakhala zaka mukufunafuna ntchito, satifiketi ikungosuluka m'chikwama, ndiye wina akukulemberani pa WhatsApp kuti kuli ntchito kunja, mungotumiza ndalama lero ndi pasipoti, musauze aliyense. Mwadikira banja mpaka azakhali atopa kufunsa, ndiye wabwera wina wolankhula mokoma, koma nkhani ya ankhoswe akuizemba, kwawo sakufuna mukafikeko. Geni yangoyenda bwino miyezi iwiri, mwayamba kale kuganiza za katapila kuti mutsegule shopu yachiwiri. Mnyamata walalikira kawiri anthu n'kuwomba m'manja, mawa lake akufuna kuyambitsa mpingo wake. Paulo polembera Timoteo anachenjeza kuti wongotembenuka kumene asamupatse udindo woyang'anira mpingo, kuopa kuti angadzitukumule n'kugwa. Paulo sankadana ndi achinyamata, Timoteo yemweyo anali wachinyamata. Ankadziwa kuti mphatso ikatulukira poyera khalidwe lisanakhwime, chisanu chaching'ono chimaipha.

Wina afunsa kuti, nanga tizingokhala manja lende? Ayi ndithu. Mlaliki 11 akuti woyang'ana mphepo sadzafesa. Pali anthu amene amabisa ulesi ndi mantha m'mawu akuti ndikudikira nthawi ya Mulungu, pomwe mvula yeniyeni inagwa kalekale, anzawo akupalira. Zimenezo si zomwe tikunena. Mlimi wa ku Michigan sakhala chigonere m'miyezi yozizira, ndi nthawi yomwe amadulira mitengo yake ndi kukonza zipangizo. Davide naye kuchipululu sankangokhala: ankateteza midzi, ankaphunzira kutsogolera anthu ovuta, okhala ndi ngongole ndi owawidwa mtima, amene anasonkhana kwa iye kuphanga la Adulamu.

Ndiye tingasiyanitse bwanji? Ine ndimaona kuti Davide anayang'ana chinthu chimodzi: kuti ndilowe pakhomo ili, ndiyenera kuchita chiyani? Khomo la m'phanga linkafuna magazi. Khomo limene likufuna kuti muname, kuti mupereke kangachepe, kuti mubise kwa mkazi wanu kapena mwamuna wanu, kuti mupondereze mnzanu wa kuntchito, silinatsegulidwe ndi Mulungu, ngakhale amene akukukankhirani atatchula vesi. Chinanso, chochokera kwa Mulungu sichiopa mafunso. Mungathe kuchitengera kwa abusa, kwa amalume, kwa mayi wachikulire wa ku chigwirizano, n'kuchiyala poyera. Chimene chikuti lero lomwe, usiku uno, usafunse munthu, muchiope.

Koma ndisasiye ena m'mbuyo. Alipo akuwerenga mawu ano amene maluwa awo anapsa kale, ndipo ena mwa iwo sanalakwe chilichonse. Alimi aja sanaitane kutentha. Anadulira pa nthawi yake, anathira feteleza, anachezera usiku akusonkha moto, koma anatayabe. Akatswiri a zanyengo akhala akuchenjeza kuti dziko likamatenthera, nyengo zizisokonekera chonchi, ndipo amene amayamba kulira ndi mlimi, kaya wa ku Michigan kaya wa ku Nsanje. Choncho tisamafulumire kuloza chala munthu amene zamuvuta n'kumati alipo pamene anachimwa. Yesu atakamba za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, anakana zoti iwo anali ochimwa kuposa anzawo. Woluza amafuna womuthandiza mbewu yobzalanso, osati womuwerengera zolakwa.

Ndipo pali chinthu china chimene chinachitika ku Michigan. Chisanu chija chinapha maluwa, koma mitengo sinafe. Mu 2012 maapozi sanakwane ndi mabushelo (madengu oyezera zokolola) 3 miliyoni omwe, pomwe chaka chabwino amakolola oposa 20 miliyoni. Chaka chotsatira, 2013, anakolola pafupifupi 30 miliyoni, zochuluka kuposa zomwe derali linali litaonapo. Mitengo yomwe sinasenze zipatso inasunga mphamvu, n'kuika mphukira zambiri za chaka chinacho. Sindikunena kuti aliyense amene wataya chaka chino adzalandira kawiri chaka chamawa. Mawu otere ndi okoma kuwamva, koma Mulungu sanatipatse kalendala yotero, ndipo ngongole za chaka choipa sizifufutika tsiku limodzi. Chimene ndikunena n'chakuti alimi amene anakolola mu 2013 ndi omwe sanadule mitengo yawo mu 2012. Chaka chonse anapitiriza kupopera mankhwala, kutchetcha udzu ndi kusamala mitengo yopanda chipatso ndi chimodzi chomwe. Mlongo wanga, ngati banja lija linatha, ngati ndalama zija zinapita ndi wakuba wa pa foni, musadule mtengo. Musasiye kupemphera, musathawe pakati pa abale chifukwa cha manyazi, ndipo maganizo odzichotsera moyo akakufikirani, uzani munthu lero lomwe. Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu.

Amene muli ndi chosankha chachikulu sabata ino, musanayankhe uthenga uja werengani mutu 24 ndi mutu 26 wonse, kenako mukambirane ndi munthu mmodzi woopa Mulungu amene sachita mantha kukuuzani kuti ayi.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, nyengo zonse zili m'manja mwanu, yozizira ndi yofunda yomwe. Tikupempherera amene atopa ndi kudikira: ofuna ntchito, ofuna banja, ofuna mwana, odwala amene akhalitsa pamphasa. Agwireni dzanja kuti asalowe pakhomo lofuna bodza. Mutipatse anthu otiuza zoona, ndi makutu owamvera. Kumbukirani alimi kulikonse kumene nyengo yasokonekera, muwapatse mbewu ndi mphamvu zoyambiranso. Ndipo amene tili ndi kanthu m'nkhokwe, mutionetse lero khomo la mnzathu amene alibe. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.