Mmene mungamvetserere nyimbo ya Solsbury Hill

Omvera athu, tisanakuikireni nyimbo ya lero, tikupemphani kuti muyambe mwadziwa kumene inachokera, chifukwa mukapanda kutero mudzangoimva ngati nyimbo yachisangalalo chabe. Mwini wake ndi Peter Gabriel, amene anali woimba wotsogolera m'gulu la Genesis la ku England. M'chaka cha 1975, gululo litangoyamba kudziwika kutali, iye anachokamo. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali cha pakhomo: mwana wake woyamba anabadwa mu 1974 ali wodwala kwambiri, ndipo bamboyo ankagawanika pakati pa chipatala ndi ntchito yojambula chimbale. Mpando wake unatengedwa ndi woimba ng'oma, Phil Collins, ndipo Solsbury Hill, imene inatuluka mu 1977 n'kufika pa nambala 13 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku Britain, ndiyo nyimbo yoyamba imene Gabriel anatulutsa ali yekha.

Ikangoyamba, musathamangire mawu. Tcherani khutu ku gitala ndi ng'oma, muziomba m'manja n'kumawerenga. Nyimbo zambiri za rock zimabwerera poyambira mukawerenga kufika pa 4, koma iyi imabwerera pa 7, kotero kuti ngati muyesa kuvina, mudzaona phazi likutsala m'mwamba nthawi ndi nthawi. Musadandaule nazo zimenezo. Ine ndimaona kuti kutsimphina kumeneku n'koyenera munthu amene wasiya ntchito yodalirika asanadziwe kumene adzapeze chakudya cha mawa.

Mukatero, mvetserani nkhani yake. Solsbury ndi phiri laling'ono lenileni, pafupi ndi mzinda wa Bath, ndipo pamwamba pake panali linga la anthu akale. Woimbayo akuti anakwera phirilo usiku, akuona magetsi a mumzinda, kenako kunatulukira chiwombankhanga ndipo anamva mawu omuuza kuti alongedze katundu wake, popeza abwera kudzamutenga kupita kwawo. Mtima wake unkagunda, ndipo kugundako amakutchula m'nyimbomo. Inunso mutsatire pogunda pachifuwa. Akunenanso kuti anasankha kukhala chete poopa kuti anzake amuyesa wopenga. Ena amamva za Mulungu m'mawu amenewa, ndipo sitingawatsutse, koma mwini wake anafotokoza kuti nyimboyi ikunena za kulolera kutaya zimene uli nazo chifukwa cha zimene ungadzapeze.

Pamene muyenera kusamala koposa ndi pa ndime yomaliza. Mawu aja a katundu amabwera katatu, koma kachitatu amatembenuka: sakuuzidwanso ndi wina, ndi iyeyo amene akuuza anthu kuti katunduyo angotsala naye, iye wanyamuka. Pamenepo gitala yamagetsi imalowa mwamphamvu ndipo woimbayo amayamba kukuwa mwachimwemwe. Kwezani wailesi yanu pang'ono, konzekerani kuwerenga mpaka 7, nyimbo ija nayi.