Mbali ino ya waya, kuchokera ku Lefkoşa, kumpoto kwa chilumba cha Cyprus

Moni abale anga, kulikonse kumene mukundimvera. Lero mtima sunakhazikike, ndiye mundilole ndingoyamba.

Masana ano ndinakwera dolmuş, minibasi ya kuno, kuchokera ku Girne. Tikudutsa pafupi ndi kampu ya asilikali a Turkey, ndinatulutsa foni kuti ndijambule mapiri ndiwatumizire amayi. Agogo ena aamuna amene ndinakhala nawo mpando umodzi anandigwira dzanja mwamphamvu, n'kundilozera chikwangwani chofiira pawaya, chojambulidwa msilikali ali ndi mfuti. Pamenepo sajambulapo. Bwenzi pano ndili m'chitokosi.

Tinacheza mpaka kutsika. Iwo anabadwira kummwera kwa chilumbachi, ku Paphos, ndipo anasamukira kuno nkhondo ya 1974, imene inagawa Cyprus pawiri, itatha. Asilikali a Turkey amene anabwera chaka chimenecho, boma la Makarios, pulezidenti wa Cyprus, litagwetsedwa, mpaka lero sanachoke. Mu 2004 agogowo anavota kuti inde pa pulani ya Kofi Annan, mkulu wa United Nations pa nthawiyo, yogwirizanitsa chilumbachi. Kumpoto kuno ambiri anavomera, kummwera ambiri anakana, ndipo patangotha sabata Cyprus inalowa mu European Union akumpoto ali kuseri kwa waya wogawa chilumbachi. Mu 2017 akuluakulu anakakumananso ku Crans-Montana, ku Switzerland. Zinakanika pa nkhani yomweyi: asilikali achoke liti, ndipo Turkey ikhalebe ndi mphamvu yolowerera kapena ayi. Akunena zimenezi, agogowo maso anali pawindo.

Ndiye ine ndikakumbukira ajenti uja amene anandiuza kuti ndikupita ku Ulaya, magazi amawira! Amayi anagulitsa ng'ombe ziwiri. Sanandiuze kuti dziko lino la Northern Cyprus, chilengezereni ufulu wake mu 1983, ndi Turkey yokha imene imalizindikira. N'chifukwa chake ndege ya ku Ercan, bwalo la ndege la kuno, imadzera ku Turkey basi. Pa Ledra Street, powolokera kummwera mumzinda muno, alendo amangoonetsa pasipoti n'kuwoloka, ine ndimaima n'kumaonera Ulaya ali poteropo. Malipiro ndi a lira, ndalama ya ku Turkey, lendi akufuna mapaundi. Bwana wanga kulesitilanti sanandipatsebe za mwezi watha, akuti bizinesi yavuta, koma galimoto wasintha.

Achinyamata, ndikupempheni. Munthu akakuuzani za Cyprus, mufunseni kuti Cyprus yake iti. Mufunseni kawiri, makolo anu ali pomwepo. Musachite manyazi kuoneka osadziwa, chifukwa manyaziwo ndi amene amatidyera ng'ombe. Zokambirana za anthu ovala masuti zimaoneka zakutali, koma zimakupeza pa lendi, pa tikiti, ngakhale pa chithunzi cha phiri.

Komatu sindikulira ayi. Mbale ndatsuka, Chituruki ndikuyankhula, ndipo nyumba ya amayi ku Dowa ndafolera malata ndi manja awa. Chimene chimandipweteka ndi fungo la mvula yoyamba, ndi nsima ya mgaiwa ya therere.

Potsika, agogo aja anandilipirira dolmuş. Ndinakana, iwo anangoika dzanja pachifuwa n'kumapita.