Bowa wa oyisitala: chomwe amadya ndi kanyumba komwe amakhalamo

Mwaswera bwanji alimi anzanga, amayi ndi abambo nonse amene mwatchera khutu madzulo ano. Lero tikamba za bowa wochita kulima, uja wa oyisitala. Pali mayi wina watitumizira uthenga kuti anagula mbewu, nathira m'majumbo, koma patha mwezi m'kati monse mwangobiriwira, bowa osaoneka. Mayi, musataye mtima, tiyambire poyambirira, mwina muona pamene panalakwika.

Choyamba, chotsani m'mutu maganizo a chimanga. Bowa alibe masamba, sapanga chakudya ndi dzuwa, ndipo feteleza alibe naye ntchito. Iye amadya chinthu chimene wamerapocho. N'chifukwa chake bowa wa pachulu simungamusamutsire kudimba, amene amamulima ndi chiswe pansi pa chulupo. Manyame aja timakazula mvula ikagwa amadalira mizu ya mitengo yamoyo monga mombo ndi msuku, mukagwetsa mitengoyo nawonso amasowa. Oyisitala ndiye wosavuta, amadya zouma zimene ife timangotentha tikakolola.

Zouma zake ziti? Mapesi a chimanga, zitsononkho, mapesi a mpunga, masamba ouma a nthochi, makoko a nyemba ndi soya, zotsalira za thonje. Musavutike kufuna zakutali. A ku Karonga, Nkhotakota ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa mpunga muli nawo. A ku Balaka, Salima ndi Chikwawa, zotsalira za thonje bowa amazikonda kwambiri. Enafe mapesi a chimanga ndi okwanira. Utuchi umatheka, koma bowa amachedwa kuudya, ndipo wa paini ndi bulugamu uli ndi utomoni ndi mafuta zimene zimamubweza m'mbuyo. Amene mukuyamba kumene, utuchi usiyeni kaye. Ndipo mapesi akhale ouma bwino, oyera. Aja anagonera mvula n'kuda, abwera kale ndi chuku chawo.

Dulani mapesiwo tizidutswa totalika masentimita 3 mpaka 5. Zitsononkho muzisinje pang'ono mumtondo. Viikani m'madzi oyera usiku wonse, m'mawa muvuule, muyanike pathandala kuti madzi akhe. Tsono apa mvetserani, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Tapani dzanja limodzi, finyani mwamphamvu. Madzi akamachucha, sizinafike, dikirani. Akapanda kutuluka ndi dontho lomwe, zaumitsa, wazaninso. Chofunika ndi madontho awiri kapena atatu pakati pa zala, basi. Madzi akachuluka amatseka mpweya m'jumbomo, pansi pamayamba kununkha chowawasa, bowa n'kufa asanayambe n'komwe.

Kenako timaphika ndi nthunzi. Tengani mgolo wa malita 200, ikani njerwa pansi ndi timitengo pamwamba pake, thirani madzi osafika pa timitengoto. Mapesi alowe m'masaka, masakawo akhale pa timitengo, vundikirani, sonkhezani moto. Muyambe kuwerenga nthawi nthunzi ikayamba kutuluka mwamphamvu, osati pamene mwayatsa moto ayi, ndipo papite maola 2 kapena 3. Ndikudziwa nkhuni zikudula, koma amene amafupikitsa apa ndi amene amadzatiimbira foni kuti majumbo abiriwira. Chobiriwiracho ndi chuku, chimadya chakudya chomwecho, ndipo chimathamanga kuposa bowa.

Mukaphula, dikirani zizizire mpaka zisamvekenso kufunda mukagwira ndi kuseri kwa dzanja. Mbewu ya bowa ndi yamoyo, mukaithira pa zotentha mwaiphika. Mbewuyi imabwera m'botolo kapena m'kathumba, itamera pa mapira kapena mawere, ndipo iyenera kukhala yoyera mbee, yonunkhira bowa. Ikakhala ndi mawanga akuda, obiriwira kapena achikasu, ibwezeni. Sambani m'manja ndi sopo, pukutani tebulo ndi spiriti, tsekani chitseko kuti mphepo isalowetse fumbi, ndipo nkhani muchepetse, mucheza mukamaliza. Pa makilogalamu 10 a mapesi onyowa, mbewu ya magalamu 300 mpaka 500 ndi yokwanira. Ikani mapesi pang'ono m'jumbo looneka m'kati, wazani mbewu, mapesi ena, mbewu, mpaka lidzaze. Tsinderani koma osati ngati mukuumba njerwa. Mangani kukamwa, boolani timabowo tingapo ndi singano yoyera kuti lizipuma.

Tsopano nyumba. Bowa amafuna zinthu ziwiri zosiyana pa nthawi ziwiri zosiyana, ndipo apa m'pamene ine ndimati ulimiwu uli. Masabata 3 kapena 4 oyamba majumbo akhale mumdima, pofunda pang'ono, madigiri 25 mpaka 28, osathirira chilichonse. Muona tiulusi toyera ngati thonje tikuyanga mpaka jumbo lonse litayera. Musaunjike majumbo pamodzi, chifukwa m'kati mwake mumatentha kuposa m'chipindamo, ndipo kukapyola madigiri 35 tiulusito timafooka. A ku Nsanje, mwezi wa Okutobala pansi pa malata musayese n'komwe. A ku Dedza mu Juni ndi Julayi vuto lanu ndi lina, kuzizira kumachedwetsa, mwina mudikira sabata ina yowonjezera, musafulumire kutaya. Jumbo lililonse lomwe labiriwira litulutseni tsiku lomwelo mukalikwirire kutali.

Jumbo likayera lonse, zonse zimatembenuka. Tsopano bowa akufuna kuwala, mpweya wabwino ndi chinyezi chambiri. Chekani majumbo ndi lezala yatsopano malo anayi kapena asanu, muwaike m'kanyumba kofolera ndi udzu. Kuwala kwake kokwanira kuwerenga nyuzipepala, dzuwa lisawombe pa majumbo. Pansi thirani mchenga muziunyowetsa, m'makoma pachikani masaka onyowa, muziwaza madzi kawiri kapena katatu pa tsiku, kukatentha muziwaza kuposa apo. Mawindo atchingeni ndi neti kuti tintchentche tisalowe, ndipo makoswe muwatchere, mapira a m'mbewu aja amawanunkhiza patali.

Bowa salankhula koma thupi lake limanena. Mukaona miyendo yaitali, tizipewa ting'onoting'ono, m'nyumbamo mpweya ndi wochepa kapena mwada kwambiri, tsegulani mawindo. Tibowa tikangotuluka n'kuuma, kusanduka tofiirira, chinyezi chachepa. Akamaterera, kuchita chikasu n'kuvunda, mukumuthira madzi pathupi mopyola muyeso, wazani m'makoma ndi pansi. Vuto ndi loti mukatsegula mawindo chinyezi chimathawa, mukatseka mpweya umachepa. Muyeso wake palibe angakuuzeni pa wailesi, muupeza nokha polowa m'kanyumbamo m'mawa ndi madzulo n'kumayang'ana.

Tibowa tikaoneka, pamatha masiku 4 mpaka 6 kuti tikhwime. Kololani m'mphepete mwa chipewa musanatambasuke n'kuyang'ana kumwamba. Mukachedwa amayamba kuwaza ufa woyera umene umatsokomoletsa, ndipo kumsika safika ali bwino. Gwirani tsango lonse patsinde, potozani, zulani, musasiye chitsa choti chiwolere pamenepo. Jumbolo musataye, pitirizani kusunga chinyezi, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri libalanso, mpaka katatu kapena kanayi, kungoti zokolola zimanka zichepa. Likapepuka n'kuleka kubala, khuthulirani zotsalazo pa dzenje la manyowa, zipite kudimba. Mayi amene munatumiza uthenga aja, ulendo uno yambani ndi majumbo 10 okha, ndipo pa jumbo lililonse mulembe tsiku lomwe mwathira mbewu.