Dipoziti yanu isathere m'thumba la a landilodi

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, a kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Mwezi wathawu mayi wina amene timapemphera naye anasamuka m'chipinda ku Rosettenville. Polowa anapereka dipoziti ya R2,500. Potuluka anasesa, anakolopa, makiyi n'kupereka. Atafunsa za ndalama yake, a landilodi anangoloza khoma: "Taona kuda kwake uku, ndalama yako ndigulira penti." Mayiyo anabwera kwathu misozi ili chuchuchu, poti ndalamayo ndi imene amati akalipire kumene akulowa. Ambirife kuno ku Joni zikatere timangoti tisiyire Mulungu. Ine ndikuti ayi, musasiye.

Dziko lino la South Africa lili ndi lamulo la 1999 la nyumba za lendi lotchedwa Rental Housing Act. Lamuloli silinena kuti wochita lendi akhale nzika ya kuno, ndipo ngakhale munangogwirizana pakamwa popanda pepala, pangano lanulo limawerengedwa. Limati dipoziti ndi ndalama yanu, mwini nyumba amangokusungirani. Ayenera kuiika ku banki kumene izibala chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho n'chanunso. Lisiti ndi ufulu wanu, muziitanitsa.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa mlandu wonse umagona apa. Musanalowe, inu ndi a landilodi muyenera kuyendera nyumbayo limodzi ndi kulemba chilichonse chowonongeka. Galasi lang'aluka? Lembani. Mpopi ukudontha, loko ndi yogwedera, denga lili ndi zipsera za mvula? Lembani, jambulani pa foni, muwatumizire pa WhatsApp tsiku lomwelo kuti deti ioneke. Ife timalowa ndi chimwemwe choti tapeza pogona, katundu ali pamutu, osayang'ana n'komwe. Pakatha zaka ziwiri galasi lija limasanduka loswa ana anu.

Potuluka muyenderenso limodzi, mkati mwa masiku atatu pangano lisanathe. Ndiye imvani izi: ngati mwini nyumba sanabwere kudzayendera pamodzi ndi inu, lamulo limatenga kuti wavomereza kuti nyumba mwaisiya bwino. Sangadule kanthu chifukwa cha zowonongeka. Mayi wa ku Rosettenville uja ndinamufunsa kuti, "Kodi munayendera limodzi musanapereke makiyi?" Anati, "Ayi, anangoti ndisiye makiyi kwa mlonda." Ndinamuuza kuti pukutani misozi, mlandu wanu ndi wolimba.

Masiku ake ndi awa. Ngati mulibe ngongole ndipo simunawononge, akubwezereni yonse pasanathe masiku 7. Ngati pali chokonza, akonze, yotsalayo akupatseni pasanathe masiku 14 kuchokera pamene mwawabwezera nyumbayo, ndipo malisiti a zimene agula muli ndi ufulu wowaona. Koma mukathawa kuyendera inuyo, amayendera okha, ndipo masiku amakwera kufika 21. Penti yofwifwa chifukwa cha zaka, kutha kwa zinthu kobwera ndi kukhalamo kwa tsiku ndi tsiku, zimenezo si zanu. Chitseko chothyola pa ndewu, chimenecho mulipira ndithu.

Bambo wina akufunsa kuti bwanji osangokhala mwezi womaliza osalipira kuti dipoziti ilowe m'malo. Musatero achimwene, pokhapokha a landilodi avomere polemba. Mukatero wolakwa mumakhala inuyo, ndipo aliyense wodzamva mlanduwo adzayambira pa ngongole yanu.

Akakana kubweza, musayambe ndi kutukwana pa geti. Alembereni uthenga waulemu: ndalama ndi zakuti, ndinatuluka tsiku lakuti, ndikupempha mundibwezere pofika tsiku lakuti. Akapanda kuyankha, pitani ku Rental Housing Tribunal ya kuno ku Gauteng, bwalo lomva madandaulo a pakati pa alendi ndi eni nyumba. Simulipira kalikonse, loya safunika. Mutenge chiphaso chanu, pangano ngati munalemberana, malisiti kapena mauthenga a ku banki, zithunzi zija, adiresi ya nyumbayo ndi nambala ya mwini wake. Amayamba ndi kukuyanjanitsani. Zikakanika amaitana nonse kudzamva mbali zonse, ndipo chigamulo chawo chimalemera ngati cha khoti la majisitireti.

Amene simungathe kulemba kalatayo m'Chingerezi, mutsale tikatseka ndi pemphero. Mapepala ndi zolembera ndabwera nazo, tikhala pa benchi apo tilembe limodzi.